ZA CITUPA CA OLUMALA KU ENGLAND, NDI MAKHONSOLO OKANA MUNTHU OSAMLEMBERA KALATA

Kwa Mafumu olemekezeka, ndi kwa abale onse a Msonkhano wathu.

Tatumiza kalata iyi tsiku la msonkhano lisanafike, kuti yense adzabwere ataganizira kale mlandu umene tifuna kuti tidzaweruze pamodzi. Mlanduwo ndi wa ku England, wa makhonsolo a kumeneko, ndi wa citupa cimene munthu wolumala amaika pa galasi la galimoto kuti aloledwe kuima pafupi ndi khomo la kumene alinkupita. Wina adzati, nanga za ku England zitikhudza bwanji ife? Zitikhudza cifukwa ana athu ndi abale athu alipo m'dziko lija, ena alikukalambira komweko, ndipo ena nchito yao ndiyo kusamala okalamba ndi odwala a eni dziko, kotero kuti mapepala a citupa cimeneci amapita m'manja mwao. Ndiponso inu Mafumu mumakhala nao m'makhonsolo a kwathu, ndipo mudziwa bwino kuti ofesi ikhoza kumana munthu cinthu m'njira ziwiri. Ikhoza kumuuza poyera kuti iai. Ikhozanso kungomtopetsa ndi maulendo ndi mapepala kufikira ataleka yekha. Ife tinena kuti makhonsolo ena a ku England, ndipo si ocepa, azolowera njira yaciwiriyi, ndi kuti njira imeneyi iposa yoyamba ija kuipa kwace, pakuti wokanidwa poyera adziwa kumene angakadandaule, koma wotopetsedwa alibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti anakanidwa.

Tiyambe tafotokoza citupaco, popeza ambiri mwa inu simunacione. Dzina lace ndi Blue Badge. Cinabadwa m'lamulo la caka ca 1970, lochedwa Chronically Sick and Disabled Persons Act, limene analitengera ku Nyumba ya Malamulo phungu wa ku Manchester, Bambo Alf Morris. Munthu ameneyu ulumali anaudziwira m'nyumba mwa atate wace, amene anabwera ku nkhondo ya 1914 atataya diso ndi mwendo, cifuwa citaonongeka ndi mpweya wa poizoni, namwalira mwanayo akali wamng'ono. Zitupa zoyamba zinaturuka mu 1971 ziri za mtundu wa lalanje, ndipo mu 2000 zinasandulika zabuluu. Wokhala naco akhoza kuimika galimoto m'mbali mwa mseu pamene anzace alipira, iye wosalipira. Akhoza kuima pa mizere yacikasu, pamene ena aletsedwa, kufikira maora 3, malinga ngati pamalopo palibe coletsa kukweza ndi kutsitsa katundu. Ndipo malo aja ojambulidwa cikuku ndi ace. Citupa ndi ca munthu mwini, osati ca galimoto, cifukwa cace ngakhale wakhungu, amene sagwira ciongolero, ayenda naco m'galimoto iri yonse imene imnyamula. Kwa munthu wa miyendo yolimba mtunda wa mamita 200 si kanthu. Kwa munthu amene mpweya umthera atayenda mamita 30, mtunda umenewo ndiwo ulamula ngati adzaonana ndi dotolo lero kapena adzakhala m'nyumba, ngati adzapita ku maliro a mbale wace kapena adzangomva kwa obwerako.

Boma lalikuru la ku London ndilo lilemba lamulo lonena amene ayenera kulandira, koma nchito ya kupereka zitupa liisiya m'manja mwa makhonsolo, amene ku England aposa 150. Khonsolo iloledwa kulipiritsa kufikira £10. Citupa cikhala zaka 3 cikacurukitsa. Ndipo Boma lomwelo licenjeza anthu kuti yankho likhoza kutenga masabata 12. Unduna wa za maulendo, Department for Transport, unalembera makhonsolo buku la malangizo, koma bukulo si lamulo lomanga, ndipo khonsolo iri yonse idzikonzera yokha mboni zimene ifuna, ndi anthu oyesa opempha, ndi kayesedwe kao. Comweco lamulo liri limodzi, koma njira zofikira kwa ilo ziri zoposa 150, ndipo munthu mmodzi yemweyo, wa bondo lomwelo, akhoza kulandira citupa m'mudzi uno nakanidwa atasamukira tsidya lija la mlatho.

Makomo olowera alipo awiri. Loyamba ndi la amene safunsidwanso zambiri: wolembedwa m'kaundula wa akhungu, wolandira ndarama za ulumali zochedwa PIP amene anapatsidwa malikisi 8 kapena oposa pa za kuyenda, ndiko kuti sakhoza kupitirira mamita 50, wolandira gawo lapamwamba la mayendedwe m'ndarama zakale zija za DLA, ndi asilikari ena obvulala pa nchito yao. Laciwiri ndi la ena onse, amene ayenera kutsimikiza okha kuti kuyenda kuwabvuta kwambiri, ndipo ambiri a iwo aitanidwa kuti akayende pamaso pa woyesa. Tsono taonani amene apita ku khomo laciwirili. Munthu amene wafika msinkhu wa penshoni ya Boma saloledwa kuyamba kupempha PIP. Zace ndi ndarama zina, zochedwa Attendance Allowance, ndipo m'ndarama zimenezo mulibe gawo la mayendedwe, kotero sizimtsegulira khomo loyamba lija. Mai wa zaka 80 amene ciuno cayamba kumkana caka catha, amene maso ace acita mdima ndipo zala zace zauma ndi nyamakazi, ndiye apatsidwa njira yaitari koposa, ya mafunso ocuruka koposa. Cimeneci ndi colakwa ca lamulo la Boma lalikuru, ndipo siticiika pamutu pa khonsolo. Koma khonsolo idziwa kuti ambiri oima pa khomo lace laciwiri ndi okalamba, ndipo popeza idziwa, tiyenera kuyang'anitsa cimene icita nao.

Cimene icita ndico kuwalozera ku intaneti. Pamenepo wopempha ayenera kukhala ndi kompyuta kapena foni ya makono. Ajambule nkhope yace cithunzi cooneka bwino, mutu ndi mapewa. Ajambulenso pasipoti kapena kalata ya kubadwa, ndi pepala losonyeza kumene akhala, monga bilu ya msonkho wa khonsolo, ndi kalata ya ndarama zace za ulumali ngati alandira, ndi makalata a madotolo. Zonsezi azitumize m'makina, alembenso nambala yace ya National Insurance, nafotokoze m'mau olembedwa kuti ayenda mtunda wanji, mphindi zingati, ndipo ululu uyamba pati. Kwa kalaliki wa zaka 30 wokhala pa desiki tsiku lonse iyi ndi nchito ya theka la ora. Sitikana kuti kwa olumala ambiri njira imeneyi ndi mpumulo, pakuti apempha ali pa mpando wao osaturuka m'nyumba, ndipo cimeneco ticitamanda. Koma tifunse, kodi citupa ici cinapangidwira yani? Cinapangidwira wakhungu, amene tsopano alikuuzidwa kuti aone ngati cithunzi cace caturuka bwino. Cinapangidwira wa nthenda ya Parkinson, amene dzanja lace linjenjemera kotero kuti cithunzi ca pasipoti cituruka cosawerengeka, kalaliki nacikana. Cinapangidwira amene mutu wace wayamba kuiwala, wosakumbukira kumene anaika kalata ya dzulo. Ofesi ya ciwerengero ya Boma lao lomwe, Office for National Statistics, inapeza kuti mu 2017, mwa akuru 100 ali onse osagwira intaneti, 56 anali olumala, pamene m'dziko lonse olumala anali monga 22 mwa 100. Cifukwa cace khonsolo imene iika khomo lace lalikuru pa intaneti iliika pamene eni citupa ndiwo alephera kufikako koposa anthu onse. Kuli ngati kumanga cipatala ca miyendo pamwamba pa phiri, ndi kukondwera kuti odwala acepa caka cino.

Adzatiyankha kuti fomu ya pepala iripo. Inde iripo, m'malo ambiri. Koma iri kuti? Kawirikawiri saiika poyera. Munthu ayenera kuipempha pa telefoni, ndipo nambala ya telefoniyo aipeza pa intaneti pomwe paja; akaimba ayankhidwa ndi mau a makina omuuza kuti adine 1, adine 4, ndipo alikudikira amva mauwo alikumkumbutsa kuti akadafulumira akadapempha pa intaneti. Wogontha ulendo wace wathera pomwepo. Ena auzidwa kuti apite ku laibulale kumene adzathandizidwa, ndipo anthu a m'malaibulale athandizadi ndi mtima wonse. Koma pakati pa 2010 ndi 2019 malaibulale pafupifupi 800 anatsekedwa m'dziko la Britain, ndipo imene yatsala ingakhale kutari. Taganizaninso ici. Munthu apempha citupa cifukwa sakhoza kuyenda kucokera poimika galimoto kufika pa khomo, ndipo mankhwala amene apatsidwa ndiwo akuti ayende kucokera poimika galimoto kufika pa khomo la laibulale, kapena la nyumba yoyeserako, wopanda citupa. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, ndipo akuru a maofesi aukonda mwambi umenewu ngakhale sanaumvepo m'cinenero cathu. Koma makolo ponena cotero analikunena citseko ca bango cimene mwana yemwe acikankha. Sanaganize za citseko cimene mpiringidzo wace waikidwa pamwamba, pamene wodwalayo safikira.

Pano tifuna kuti abale athu okhala ku England amvetsetse, pakuti ambiri a ife tinaleredwa kulowa m'ofesi cipewa ciri m'manja, ngati opempha cifundo. Cimene tirikunena ndi ngongole imene khonsolo iri nayo kwa wolumala. Lamulo la 2010, lochedwa Equality Act, likakamiza yense wotumikira anthu, ndi makhonsolo omwe, kusintha macitidwe ace m'njira yoyenera pamene macitidwewo aika wolumala pambuyo pa anzace. Ndipo pa za uthenga linena poyera kuti uperekedwe m'maonekedwe amene munthuyo akhoza kuulandira, ndiko kuti kwa wina zilembo zazikuru, kwa wina zilembo za akhungu, kwa wina mau a pakamwa. Coposa apo, udindo umenewu sudikira kuti wolumala ayambe wafika nadandaula. Khonsolo iyenera kuganiziratu za akhungu, ogontha ndi ena onse asanagogode. Palinso malamulo a 2018 olamula kuti masamba a intaneti a maofesi a Boma akhale otheka kwa olumala, ndipo tsiku lotsiriza kwa masamba akale linali 23 September 2020. Ngati pali ofesi imodzi m'khonsolo monse imene siingathe kunena kuti, sitinadziwe kuti kudzabwera olumala, ndiyo ofesi ya Blue Badge, pakuti kumeneko sikufika munthu wina koma wolumala ndi womnyamula.

Tsono tifike pa mtima wa mlandu. Malamulo a citupa, a caka ca 2000, alamula kuti khonsolo ikakana munthu imlembere kalata yonena zifukwa zace. Lamulo labwino ndithu, pakuti kalata ndiyo ciyambi ca kudandaula kuli konse. Koma kalatayo alandira yekhayo amene anafika pa mapeto a ulendo. Amene analephera pa cithunzi, amene anatopa pa telefoni, amene anaona mafunso nati, ndidzayesa mwana akadzabwera pa Khirisimasi, onsewa sanakanidwe m'mabuku a munthu ali yense. Palinso amene anatumiza pempho, khonsolo nimfunsa pepala lina m'masiku owerengeka, pepalalo nilicedwa kwa dotolo, pempho nilitsekedwa ngati losakwanira. Ameneyo ayambirenso pa ciyambi. Caka ndi caka Boma lituruka ndi ciwerengero: pa 31 March 2023 zitupa zinali 2.57 miliyoni ku England, ndipo pa 31 March 2024 zinafika 2.84 miliyoni. Akuru a makhonsolo akhoza kuloza manambala amenewa nati, onani m'mene tirikuperekera. Ife tiwaona, ndipo tikondwera nao amene analandira. Koma ciwerengero ca amene anaoloka mtsinje sicitiuza za amene anabwerera pa gombe. Ndipo obwererawo ndiwo osowa koposa: wokalamba wokhala yekha, wopanda mwana wodziwa makina, wosazolowera Cingelezi ca m'maofesi. Amene ali ndi mdzukulu wophunzira alandira; amene alibe akhala m'nyumba, ndipo m'buku la khonsolo mukhala moyera mopanda banga.

Wina anganene kuti, popeza ana ndi anansi alipo, athandize iwowo. Athandizadi, ndipo abale athu ogwira nchito ya kusamala okalamba adziwa maora amene atayika pa mafomu amenewa. Koma kumbukani cimene munthu apereka m'manja mwa womthandizayo. Apereka makalata a madotolo onena za cikhodzodzo cace, za kugwa kwace usiku, za mankhwala a mutu wace, ndi kalata ya ndarama zimene alandira. Mwamuna wa zaka 75, amene analera ana nagwira nchito zaka makumi anai, ayenera kuulula zonsezi kwa mpongozi wace kapena kwa mnansi wa tsidya la mpanda, cifukwa ofesi siinafune kumumvera yekha. Alipo amene asankha kukhala opanda citupa kusiyana ndi kubvulidwa cotero, ndipo ife sitiwayesa opusa.

Pa 30 August 2019 lamulo linakuzidwa kuti lilandirenso a ulumali wosaoneka ndi maso: mwana wa autism amene akhoza kuthamangira pa mseu magalimoto alikudutsa, wokalamba wa nthenda ya kuiwala, munthu amene ulendo umgwetsera m'mantha osapiririka. Cinali cinthu cabwino, ndipo makolo ambiri anapumako. Koma pomwepo ndipo kusiyana kwa makhonsolo kunaonekera koposa. Mu January 2021 a BBC, atafunsa makhonsolo za ciwerengero cao, anapeza kuti mwa amene anayankha ocuruka analikubvomera a ulumali wooneka koposa a ulumali wosaoneka, ndipo m'malo ena kusiyanako kunali kwakukuru kodabwitsa. Cifukwa cimodzi ndi mboni. Kuyambira mu April 2012 ku England woyesa mayendedwe ayenera kukhala munthu wapadera, monga wodziwa za mafupa ndi minofu, wosati dotolo wa banja wa wopemphayo. Ndipo makhonsolo ambiri anena kuti kalata ya dotolo wa banja payokha siikwanira, afuna ya katswiri. Nanga katswiriyo apezeka bwanji? Malangizo a zacipatala ku England anena kuti woganiziridwa autism ayambe kuyesedwa m'masabata 13, koma ambiri adikira kupitirira apo, ena kufikira zaka. Ofesi imodzi ya Boma icedwetsa kalata, ndipo ofesi inzace ikana munthu cifukwa alibe kalatayo. Za kuyesa mayendedwe nako tineneko pang'ono. Nthenda zambiri ziri ndi tsiku labwino ndi tsiku loipa. Ndipo munthu waulemu, makamaka wa msinkhu wa makolo athu, poona kuti mlendo alikumyang'ana, adzilimbitsa, naongoka, nayenda bwino koposa masiku onse, cifukwa acita manyazi kuoneka wofoka. Woyesa alemba mamita amene waona. Masiku awiri amene munthuyo adzagona pambuyo pace salowa m'pepala, ngati woyesayo sanafunse.

Makhonsolo ali ndi mayankho awiri, ndipo tisawapeputse. Loyamba ndi la akuba. Zoonadi alipo anthu opanda manyazi amene ayenda ndi citupa ca amai ao, amaiwo ali kunyumba, kapena ca agogo amene anamwalira kale. Ndipo alipo oswa magalasi a galimoto kuti abe zitupa, makamaka ku London kumene malo oimika galimoto ali a mtengo wapatari. Amenewa alanda malo a olumala, ndipo lamulo liwalipiritsa kufikira £1,000. Koma cinyengo cimeneci cicitika pa mseu, citupa citaturuka kale, ndipo cigwidwa pa mseu ndi woyang'anira amene apempha kuona cithunzi ca kuseri kwa citupa. Kuonjeza mafunso kwa mai wa zaka 80 sikugwira mdzukulu wakuba. Ndipo m'caka ca 2017/18 makhonsolo 94 mwa 152 a ku England sanatengere ku bwalo munthu ndi mmodzi yemwe pa mlandu umenewu. Khoswe ali pa mkhate, iwo aleka khoswe, naswa mkhate.

Yankho laciwiri ndi la ndarama, ndipo limeneli liri ndi mphamvu. Owerengera cuma ca Boma, National Audit Office, ananena mu 2018 kuti thandizo la Boma lalikuru kwa makhonsolo a ku England linatsika pafupifupi ndi theka kuyambira 2010. Khonsolo ya Northamptonshire mu 2018, ndi ya Birmingham mu 2023, zinalengeza kuti ndarama zao sizikwanira zimene ziyenera kulipira. Makalaliki otsala m'maofesi amenewa, amene ambiri ndi anthu acifundo, asenza nchito ya anzao ocotsedwa. Zonsezi tibvomera. Koma wosauka ndiye ayenera kusamala kumene ataya khobiri lace. Munthu wodulidwa mwendo ayenera kupemphanso citupa zaka 3 ziri zonse, pakuti lamulo la Boma lalikuru litero. Koma kucuruka kwa mboni zimene afunsidwanso, ndi kumuitananso kuti adzayende pamaso pa woyesa wolipidwa, ziri m'manja mwa khonsolo. Mwendo sumeranso, ndipo nthenda ya kuiwala siibwerera m'mbuyo. Khonsolo imene ilemba kamodzi m'buku lace kuti uyu sadzayesedwanso ipulumutsa ndarama zimene zingalipire munthu wamoyo woyankha telefoni, kapena sitampa yotumizira fomu ya pepala. Ndipo pamene pempho latsopano licedwa, citupa cakale nicitha, wolumalayo akaima naco pa mizere yacikasu apeza tikiti ya cindapusa pa galasi, m'malo ambiri yolembedwa m'dzina la khonsolo yomwe ija yasunga mapepala ace. Kwa amene madotolo amuuza kuti miyezi yace yatsala yowerengeka, masabata 12 ndi gawo lalikuru la moyo wotsalawo. Makhonsolo ambiri afulumira akaona pepala la dotolo lochedwa SR1, ndipo acita bwino. Koma cimeneco citionetsa kuti kufulumira kutheka.

Wokanidwa apita kuti? Lamulo silimpatsa bwalo la apilo. Akhoza kupempha khonsolo yomweyo kuti ionenso, ndipo malangizo a unduna alimbikitsa kuti njira yotere ikhalepo. Akalephera pamenepo pali Local Government and Social Care Ombudsman, wofufuza madandaulo kwaulere, amene afuna kuti munthu ayambe wadandaula kwa khonsolo, ndi kuti afike kwa iye miyezi 12 isanathe kuyambira pamene anadziwa bvutolo. Iye saweruza ngati munthu ayenera citupa. Ayang'ana ngati khonsolo inatsata njira bwino, ngati inawerenga mboni zonse ndi kupereka zifukwa zomveka, ndipo akapeza colakwa auza khonsolo kuti iyesenso. Njira imeneyi yathandiza anthu, ndipo abale athu asaiope. Koma yonseyi ndi miyezi yina, ndi makalata ena, kwa munthu yemwe uja anabvutika ndi kalata yoyamba. Ndipo wotopetsedwa uja, amene alibe kalata ya kukanidwa, kawirikawiri sadziwa nkomwe kuti ali naco codandaula. Inu Mafumu, pa bwalo lanu, mlandu ukakhudza nkhalamba yosakhoza kudzuka, mumatuma nduna ku khonde kwace kuti ikamve mau ace. Simunena kuti popeza siinafike pa bwalo iribe conena.

Zimene tifuna kwa makhonsolo sizisowa lamulo latsopano. Nambala ya telefoni ndi fomu ya pepala ziikidwe poyera pamodzi ndi intaneti, m'zipatala ndi m'maofesi mumene olumala apita kale. Pa telefonipo pakhale munthu wokhoza kulemba pempho lonse, wopemphayo alikuyankha ndi pakamwa. Ndipo wosakhoza kufika ku nyumba yoyeserako ayesedwe kwao. Pempho losakwanira lisatsekedwe kalaliki asanamfunse mwini wace cimene camcedwetsa. Koposa zonse, khonsolo iwerenge anthu amene itaya panjira, ndi kuturutsa ciwerengeroco poyera pamodzi ndi ca zitupa zimene yapereka.

Pa ici abale athu a ku England angathe kuyamba okha. Lamulo la 2000, lochedwa Freedom of Information Act, lilola munthu ali yense kulembera khonsolo kufunsa zimene ziri m'mabuku ace, ndipo iyo iyenera kuyankha m'masiku 20 a nchito. Tipempha kuti m'mudzi uli wonse mumene muli a Msonkhano wathu mmodzi alembe, afunse kuti caka catha mapempho angati anatsekedwa ngati osakwanira, mafomu a pepala angati anatumizidwa, ndi a ulumali wosaoneka angati anabvomeredwa mwa onse opempha. Ngati khonsolo iyankha kuti ciwerengero cimeneco siicisunga, yankho limenelonso mubwere nalo, pakuti ndilo tidzapita nalo kwa khansala wa dera limenelo, amene anasankhidwa ndi mavoti a anthu omwewo. Wothandiza wokalamba kupempha ayambe masabata 12 citupa cakale cisanathe. Asunge kope la pepala liri lonse. Afotokoze zoona za tsiku loipa pamodzi ndi labwino, ndi kucuruka kwa masiku oipawo pa sabata. Ndipo ngati intaneti yamkanika, alembe kalata yochula Equality Act 2010 ndi dzina lace, yopempha njira yina, ndi kupempha kuti yankho libwere lolembedwa. Mayankho onse atumizidwe kwa Mlembi. Amene afika msonkhano usanacitike adzawerengedwa pamaso pa Mafumu titatha za thumba la Msonkhano, ndipo ocedwa adzadikira msonkhano wotsatira.

Ndife anu,
A Komiti ya Msonkhano.